Kodi Katswiri Weniweni Timamudziwa Bwanji?

Tsiku la sikelo kuno ku Mvera limayamba mame asanaume. Amayi amatsika m'mapiri ana ali kumbuyo, kabuku ka kuchipatala atakakulunga m'kajumbo kuti kasanyowe. Ife odzipereka pa zaumoyo timapita kukathandiza alangizi a zaumoyo kukonza mzere, kupachika ana pa sikelo ndi kucheza ndi amayi pamene akudikira.

Tsiku lina, nyengo yokumba mtedza, mayi wina anayezetsa mwana wake wa masabata 10 bwinobwino, koma itakwana nthawi ya katemera anakakhala pambali. Nditamufunsa chimene chavuta, anamasula foni pa nsonga ya chitenje n'kundipatsa. Munali uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. Wolankhulayo ankati akumasulira zimene wanena pulofesa wina wamkulu wa kunja, zoti katemera amafooketsa asilikali a m'thupi la mwana. Dzina la pulofesayo silinatchulidwe, ndipo sananene kumene amagwira ntchito.

"Inu a zaumoyo mumatiuza kuti tizimvera akatswiri," anatero mayiyo. "Nanga ameneyu si katswiri? Ndiye ine ndimvere uti?"

Limeneli si funso la munthu wosazindikira. Ndi funso la kholo limene likuopa kulakwira mwana wake. Ndipo lili ndi yankho, chifukwa akatswiri a sayansi ali ndi njira zimene amayezerana okhaokha. Njirazo n'zothandiza, koma zili ndi polekezera pake. Kuti timvetse bwino, tiyeni tione ntchito ya Mmalawi mnzathu amene watha zaka zambiri akufufuza asilikali a m'thupi.

Dokotala amene anasuzumira m'mapapo

Pulofesa Henry Mwandumba anaphunzira udokotala pa Yunivesite ya Zimbabwe, kenako anakazama pa matenda opatsirana ku Liverpool m'dziko la England. Ntchito yake yaikulu waigwirira ku Blantyre, pa bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome limene linayamba mu 1995 ndipo lili pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Iye anadzakhala mkulu wa bungweli. Anakhalaponso pulezidenti wa chitaganya cha mabungwe a akatswiri a chitetezo cha m'thupi mu Africa muno.

Funso limene wakhala akulimbana nalo tonse tikulidziwa, chifukwa tinaika maliro ambiri chifukwa cha ilo: n'chifukwa chiyani munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV amagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu ndi chibayo? Ambiri tinazolowera kumva za CD4, asilikali amene amawerengedwa m'magazi. Koma nkhondo ya TB simenyedwera m'magazi. Imamenyedwera m'mapapo, m'timatumba ting'onoting'ono momwe mpweya umafikira.

M'timatumbamo mumakhala alonda, maselo amene akatswiri amawatcha macrophage, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza "wodya wamkulu". Ntchito yawo ndi kumeza fumbi, utsi ndi tizilombo timene tapumira. Mlondayo akameza kachilombo, amakatsekera m'kathumba ka mkati mwake n'kukathira asidi mpaka kasungunuke. Kachilombo ka TB n'kochenjera: kamalola kumezedwa, koma kamaletsa asidiyo kulowa m'kathumbamo. Motero kamakhala ndi moyo m'mimba mwa mlonda amene anayenera kukapha, ngati mbala yobisala m'nyumba ya mlonda wa pamudzi.

Zambiri zimene dziko linkadziwa pa nkhaniyi zinkachokera ku mbewa za mu labotale ndi ku maselo okulitsidwa m'mbale. A Mwandumba ndi anzawo, mogwirizana ndi Pulofesa David Russell wa pa Yunivesite ya Cornell ku America, anafuna kuona alondawo monga alili m'mapapo a anthu. Njira yake ndi iyi: dokotala amalowetsa kapaipi kofewa, kokhala ndi kagetsi kunsonga, kudzera m'mphuno kapena m'kamwa mpaka m'mapapo. Amathira madzi amchere pang'ono n'kuwayamwanso, ndipo madziwo amatuluka ndi maselo. Mu 2004 anafalitsa zimene anapeza m'magazini ya The Journal of Immunology, kusonyeza kuti kachilombo ka TB kamachitadi ukathyali umenewu m'maselo ochokera kwa odwala enieni.

Patatha zaka 10, mu 2014, Dr. Kondwani Jambo, a Mwandumba ndi anzawo anafalitsa zina m'magazini ya Mucosal Immunology. Anapeza kuti kachilombo ka HIV kamalowanso mwa alonda a m'mapapowa, makamaka aang'onoang'ono, ndipo alonda amene kalowamo samezanso bwino tizilombo. Chaka chomwecho gululi linasonyezanso kuti munthu angathe kukhala pa ma ARV, akuoneka wathanzi, koma chitetezo cha m'mapapo mwake chisanabwerere mwakale, chifukwa chimatenga zaka kuti chichire. Zimenezi zimatithandiza kumvetsa chifukwa chake achipatala amapitiriza kufunsa za chifuwa kwa munthu amene akumwa bwino ma ARV, ndiponso chifukwa chake amapereka mankhwala oteteza ku TB kwa munthu amene sakudwala.

Mu 2019 bungwe la Royal Society la ku London, limene linakhazikitsidwa mu 1660, linapatsa a Mwandumba mphoto yake ya akatswiri a mu Africa chifukwa cha ntchitoyi. Tsono funso n'lakuti: anthu okhala ku London anadziwa bwanji kuti ntchito yochitikira ku Blantyre ndi yolemera?

Pepala la kafukufuku silibadwa tsiku limodzi

Mlimi amadziwika ndi nkhokwe, ndipo wofufuza amadziwika ndi mapepala amene wafalitsa. Koma pepala la kafukufuku silili ngati uthenga wa pa foni umene munthu angajambule ali chigonere. Wofufuza asanayambe n'komwe, amayenera kupempha chilolezo ku komiti yoona kuti anthu olowa m'kafukufuku sapwetekedwa kapena kunamizidwa. Kuno kwathu kuli komiti ya boma ya NHSRC, komanso ya COMREC imene inayambira pa sukulu ya madokotala ku Blantyre. Akamaliza kafukufukuyo amalemba zonse: anthu anali angati, anawasankha bwanji, anayeza chiyani, anapeza chiyani, ndalama anapereka ndani, ndiponso zimene kafukufukuyo sanathe kuyankha.

Akatumiza pepalalo ku magazini ya akatswiri, akonzi amalipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu amene sanagwire nawo ntchitoyo. Ntchito ya amenewa ndi kufufuza zolakwa. Angathe kulikana, kapena kulibweza kuti likakonzedwe, ndipo kubwezana kumeneku kumatha miyezi. Pepala likatuluka, limakhala ndi mayina a onse amene analemba ndi malo amene amagwirako ntchito. Nthawi zambiri mayinawo amakhala ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga: pamakhala madokotala, anamwino, a mu labotale ndi owerengetsera. Mwa chizolowezi, dzina loyamba limakhala la amene anagwira ntchito yambiri ndi manja ake, ndipo lomaliza limakhala la amene anatsogolera gulu. Ndiye chifukwa chake pa pepala la 2014 lija a Jambo ali koyambirira ndipo a Mwandumba ali kumapeto. Mphunzitsi wabwino amaoneka ndi mayina a ophunzira ake amene ayamba kutsogola.

Kuwerenga amene abwera kudzapempha mbewu

M'mudzi uliwonse muli mayi amene mtedza wake umadziwika. Anthu amapita kukapempha mbewu, ndipo wina akafunsidwa kumene anaitenga amati, "Iyi ndi ya kwa mayi uje." Pakapita zaka mbewuyo imapezeka kutsidya kwa phiri, dzina la mwini wake likuyenda nayo. Mutafuna kudziwa amene ali ndi mbewu yabwino m'deralo, simungafunse mwini wake. Mungawerenge minda imene mbewuyo yafikako.

Akatswiri amachitanso chimodzimodzi. Wofufuza akamalemba pepala lake, amayenera kutchula mapepala onse amene waimapo, ndipo amawandandalika kumapeto. Nthawi iliyonse imene pepala latchulidwa ndi ena, amawerenga kamodzi. Maganizo osonkhanitsa mawerengero amenewa anabwera ndi Eugene Garfield wa ku America mu 1955, ndipo mu 1964 anayamba kutulutsa mabuku akuluakulu osonyeza amene watchula mnzake. Masiku ano ntchitoyi imachitika pa kompyuta. Pa intaneti pali Google Scholar, imene inayamba mu 2004 ndipo ndi yaulere. Mukalembapo dzina la wofufuza, mumaona mapepala ake, chaka chimene anatuluka, ndi kuchuluka kwa amene atchula pepala lililonse. Palinso PubMed, nkhokwe ya mapepala a zaumoyo imene boma la America limasamala.

Koma panali vuto. Wina amalemba mapepala ochuluka amene palibe owatchula, ngati mlimi wa minda yambiri yopanda zokolola. Wina ali ndi pepala limodzi lotchuka, basi. Tiwayerekeze bwanji? Mu 2005, Jorge Hirsch wa pa Yunivesite ya California ku San Diego anapereka muyezo umene umatchedwa h-index. Kawerengedwe kake n'kosavuta. Munthu akakhala ndi h-index 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Kuti afike pa 21, sikokwanira kungolemba pepala lina. Pafunika mapepala 21 amene lililonse anthu alitchula ka 21 kapena kuposa. Muyezowu umafuna zonse ziwiri, khama lopitirira ndi ntchito imene ena aiona kuti ndi yothandiza.

Nthawi zina mawerengerowa amanena zoona ndithu. Mu 1989, Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa njira yosavuta yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo aakulu, poona maso ake, kulira kwake ndi mmene akusunthira akamva kuwawa. Njirayo inatenga dzina la mzinda wa Blantyre, ndipo mpaka lero ofufuza za malungo m'mayiko ambiri amaitchula chifukwa amaigwiritsa ntchito pa bedi la mwana. Apa kutchulidwa ndi kuthandiza zikuyendera limodzi.

Pamene nambala zimasocheretsa

Koma sikelo ikhoza kunama, ndipo aliyense amene anagulitsapo soya kwa mavenda akudziwa zimenezi.

Choyamba, munthu amatha kutchulidwa chifukwa cholakwa. Mu 1998 dokotala wina wa ku England, Andrew Wakefield, anafalitsa pepala m'magazini yotchuka ya The Lancet. Linali la ana 12 okha, ndipo linachititsa makolo kuganiza kuti katemera wa chikuku amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Ofufuza m'mayiko osiyanasiyana anatsatira ana mazanamazana a masauzande ndipo sanapeze zimenezo. Kenako zinadziwika kuti pepalalo linali ndi chinyengo. Mu 2010 magaziniyo inalichotsa, ndipo Wakefield analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala m'dziko lake. Komabe pepalalo latchulidwa koposa ka 1,000, ndipo ambiri olitchulawo ankalitsutsa. Kompyuta imangowerenga, sidziwa kusiyanitsa kuyamikira ndi kudzudzula. Dzina la mbala nalonso limamveka m'mudzi monse. Chomvetsa chisoni n'chakuti makolo ambiri ku England anasiya kubayitsa ana, ndipo chikuku chinabwereranso. Mauthenga ambiri amene amayenda m'mafoni mwathu lero ndi zidzukulu za pepala limenelo.

Chachiwiri, ntchito yabwino imatha kukhala zaka osaonedwa. Katalin Karikó, mayi wochokera ku Hungary, anatsitsidwa pa udindo pa yunivesite ina ku America mu 1995 chifukwa ankalephera kupeza ndalama za kafukufuku wake. Mu 2005, iye ndi Drew Weissman, katswiri wa chitetezo cha m'thupi, anafalitsa pepala limene ochepa okha analilabadira pa nthawiyo. Patatha zaka 15, zimene anapezazo zinakhala maziko a akatemera ena a COVID-19, ndipo mu 2023 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Amene akanawayeza ndi nambala zokha m'zaka zoyambazo akanawataya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, pepala lotchulidwa kwambiri silikhala lofunika koposa onse. Mu 2014 magazini ya Nature inawerenga mapepala 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri ya sayansi. Loyamba linali la Oliver Lowry la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni mu labotale, ndipo linali litatchulidwa koposa ka 300,000. Pepala la Watson ndi Crick lofotokoza kapangidwe ka DNA silinalowe n'komwe pa mndandandawo. Khasu limagwiridwa tsiku lililonse, koma zimenezi sizitanthauza kuti limaposa mvula.

Chachinayi chikutikhudza ife mwachindunji. Pepala limatchulidwa kwambiri ngati pali ofufuza ambiri amene akugwira ntchito pa nkhani yomweyo. Matenda a anthu olemera ali ndi ofufuza ambiri, pamene matenda a kumudzi ali ndi ochepa. Lipoti la World Bank la mu 2014 linasonyeza kuti mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ankatulutsa mapepala osafika 1 pa 100 alionse a padziko lonse. Choncho Mmalawi wofufuza za likodzo kapena za chibayo cha ana athu amayamba mpikisano ali kumbuyo kale.

Taganizirani ntchito ya Pulofesa Wilson Mandala, katswiri wina wa chitetezo cha m'thupi wa kuno kwathu. Mu 2010 iye ndi anzake anafalitsa mawerengero a asilikali a m'magazi a Amalawi athanzi, kuyambira makanda mpaka akuluakulu, ndipo anasonyeza kuti sikuti nthawi zonse amafanana ndi a anthu a ku Ulaya ndi ku America amene mabuku ankagwiritsa ntchito. Wofufuza wa ku Boston alibe chifukwa chachikulu chotchulira pepala lotere. Koma kwa dokotala amene wagwira zotsatira za magazi a mwana wa ku Dowa, kudziwa chimene chili chabwinobwino kwa mwana wa kuno ndi nkhani yaikulu.

Akatswiri eniakewo akudziwa zofooka zimenezi. Mu December 2012 gulu la ofufuza ndi akonzi a magazini linakumana ku San Francisco n'kugwirizana kuti wofufuza aziyezedwa ndi zimene zili m'ntchito yake, osati ndi kutchuka kwa magazini imene analembamo.

Muyezo umene ife tingathe kuona ndi maso

Pali muyezo wina umene sufuna intaneti. Uli m'kabuku ka kuchipatala kamene mayi uja anakulunga m'kajumbo. Mizere ingapo ya m'kabukumo inayamba ngati kafukufuku wochitikira m'dziko lathu lino.

Madontho amene mwana amalandira m'kamwa ali ndi masabata 6 ndi 10, oteteza ku kachilombo ka rota kamene kamatsegula ana m'mimba koopsa, anayesedwa pa makanda a ku Blantyre ndi a ku South Africa. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2010 m'magazini ya The New England Journal of Medicine. Ofufuzawo sanabise kuti katemerayo anateteza bwino ku South Africa, pafupifupi 77 pa 100, kuposa ku Malawi, kumene kunali pafupifupi 49 pa 100. Koma popeza matendawa ndi ochuluka kwathu kuno, ana amene anapulumuka ku kutsegula m'mimba koopsa anali ambiri ku Malawi kuposa kumeneko. Bungwe la WHO litaona zotsatirazi linalangiza mayiko onse kuti ayambe kupereka katemerayu, ndipo Malawi anayamba mu October 2012.

Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa mu November 2011. Ofufuza a ku Blantyre sanalekere pomwepo. Anapitiriza kuyeza ana ndipo anapeza kuti, ngakhale matenda oopsa achepa, tizilomboto tikubisalabe m'mphuno za ana ambiri kuposa mmene zilili ku Ulaya. Analemba zimenezi poyera, ndipo anayamba kuyesa ngati kusintha nthawi yobayira kungathandize.

Katemera wa taifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu 2018, motsogozedwa ndi Pulofesa Melita Gordon. Zotsatira za mu 2021 zinasonyeza kuti amaletsa pafupifupi matenda 8 pa 10 alionse. Mu May 2023 katemerayu anaperekedwa m'dziko lonse, ndipo ambiri a ife tinaona ana athu ali pa mzere kusukulu. Wa malungo nayenso anayesedwa pa ana a ku Lilongwe ndi a m'mayiko ena a mu Africa. Mu April 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kumupereka kudzera m'masikelo a m'maboma 11, kuphatikizapo Ntchisi, oyandikana nafe, ndipo mu October 2021 WHO inamuvomereza.

Nthawi ya COVID-19, gulu la a Jambo linayeza magazi a ogwira ntchito m'zipatala 500 a ku Blantyre pakati pa chaka cha 2020, ndipo linapeza kuti pafupifupi 12 pa 100 anali atakumana kale ndi kachilomboko, ambiri osadziwa. Pambuyo pake anayeza magazi a anthu opereka magazi, ndipo pofika pakati pa 2021 oposa theka anali ndi zizindikiro zoti kachilomboko kanawadutsa. Popanda ofufuza athu, tikanangodalira zimene zinkachitika ku Italy ndi ku America kuti tidziwe za kwathu.

Onani chimene chikubwerezedwa m'nkhani zonsezi. Wofufuza weniweni amanena ndi zimene sizinayende bwino. Amati 49 pa 100 pamene akanakonda kunena 90. Amene amakuuzani kuti mankhwala ake amachiza chilichonse, kapena kuti akatemera onse ndi oipa, sakulankhula chinenero cha ofufuza.

Mayina amene salembedwa

Pa mapepala onsewa pali anthu amene sawerengedwa ndi muyezo uliwonse: bambo amene analola kapaipi kulowa m'mapapo mwake asakudwala, mayi wa ku Ndirande amene anasainira kuti mwana wake alowe m'kafukufuku, ndi wopereka magazi amene kadontho kake kanayezedwa. Nkhani ya magazi ndi yovuta kwathu kuno. Tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, zimene zinaphetsa anthu osalakwa ndi kuimitsa ntchito za zaumoyo. Mantha otere amakula pamene anthu sauzidwa zinthu momveka.

Choncho dziwani ufulu wanu. Ngati ofufuza afika m'dera lanu, ayenera kudzera kwa mafumu ndi kwa a zaumoyo, kukufotokozerani m'chinenero chanu chimene akufuna, ndi kukupatsani pepala la chilolezo kuti muwerenge kapena akuwerengereni. Muli ndi ufulu wokana, ndiponso wosiya pakati, popanda kulandidwa chithandizo cha kuchipatala. Wofufuza woona sakwiya ndi mafunso.

Mafunso anayi musanatumize uthenga kwa ena

Safunsa anadya phula. Uthenga wa zaumoyo ukafika pa foni yanu, kaya wachokera kwa mbale wa ku Joni kapena pa gulu la kutchalitchi, yambani mwafunsa izi.

Kodi katswiriyo dzina lake ndani, ndipo amagwira ntchito kuti? "Pulofesa wina wa kunja" si dzina. Ngati dzina lilipo, pemphani mwana wa sukulu kapena mphunzitsi amene ali ndi bandulo alilembe pa Google Scholar. Wofufuza weniweni amasiya mapazi.

Kodi zimene akunenazo ndi za ntchito yake? Munthu angakhale ndi mapepala ambiri a za miyala kapena za magetsi, koma zimenezo sizimupanga kukhala katswiri wa asilikali a m'thupi. Mmisiri wa njinga, ngakhale waluso chotani, sitimupatsa mwana wodwala.

Kodi ena amene anafufuza nkhani yomweyo anapeza zofanana? Pepala limodzi ndi mboni imodzi. Mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi, makamaka pamene mboni zina zambiri zikunena zosiyana.

Kodi akugulitsa chiyani? Uthenga woopseza ukathera pa nambala ya foni yogulira mankhwala a m'botolo, mwadziwa kale chimene mwini wake akufuna.

Ena amafunsa ngati chikhulupiriro chathu chimaletsa katemera. Mu 2015 likulu la mpingo wathu padziko lonse linanena momveka kuti limalimbikitsa katemera woperekedwa moyenera, kuti palibe chiphunzitso cha mpingo chimene chimaletsa, ndipo kuti chisankho ndi cha munthu mwini. Chakudya chabwino, madzi aukhondo, kupuma mokwanira ndi kupewa fodya ndi mowa zimalimbitsadi thupi. Koma sizingaphunzitse asilikali a mwana nkhope ya chikuku asanakumane nacho. Imeneyo ndi ntchito ya katemera.

Mayi uja sanabayitse mwana tsiku limenelo. Tinamvetseranso uthengawo limodzi, kufunafuna dzina la pulofesayo, ndipo sitinalipeze. Ndinamufotokozera za makanda a ku Blantyre amene analandira madontho omwewo zaka zambiri zapitazo, ndiponso kuti amene anafufuza za iwo ali ndi mayina ndi malo odziwika kumene munthu angakawapeze. Anati akakambirana kaye ndi bambo a kunyumba, ndipo alangizi a zaumoyo anamuuza kuti akachedwa pang'ono mwana sayambiranso, amangopitiriza pamene analekera.

Mwezi wotsatira anabwera m'mamawa, ali ndi mnzake amenenso anali atalandira uthenga womwewo. Asanakhale pa mzere anandiitana n'kunena kuti, "A zaumoyo, tawauzeni awa za dzina lija. Ine ndawauza kuti munthu wopanda dzina sindingamupatse mwana wanga."